Kukalanda chigoli changa ku Bradford

Ndinanyamuka ku Rotherham Loweruka cha m'ma naini koloko m'mawa, nditasinthana shifiti ndi mnzanga kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito. Mkazi wanga ankadziwa kuti ndikupita kuphwando la tsiku lobadwa la Gibson, mnzanga wakale. Ine mumtima ndinkapita kukalanda chigoli changa.

M'zaka za m'ma 80, timu yathu ya mpira pakoleji ya aphunzitsi inali ndi majezi khumi ndi limodzi basi. Wolowa m'malo mwa mnzake ankadikira kuti wotulukayo avule, n'kuivala ili chinyowere ndi thukuta. Chaka china tinasewera bwino mpaka kufika pa ndime yomaliza ya chikho. Gibson atavulala bondo, ndinavala nambala naini yake, n'kumwetsa ndi mutu chigoli chimene chinatipatsa chikhocho. Wolemba kanyuzi ka pakoleji anali patali, ndipo anangoona nambala. Analemba Gibson. Tsopano ndinali nditamva kuti pepalalo lili m'felemu pabalaza pake.

Basi inanditula ku Sheffield mvula ikuwaza. Tikiti ya sitima, kupita ndi kubwera, inali mapaundi khumi ndi awiri, ndipo ndinalipira mosanyinyirika ngati munthu wopita kukhoti ali ndi mboni. M'sitimamo ndinkayeseza mawu okamuyalutsira. Mayi wina wachizungu woyang'anizana nane ataona milomo yanga ikugwedera anandipatsa switi, n'kundifunsa ngati ndikupita kuchipatala.

Ku Leeds kunali kusintha sitima. Ndikudya chitumbuwa chanyama chozizira pakati, bambo wina wa ku Zambia anandimva ndikuyankhula pafoni ndipo anandipatsa moni. Sanandifunse zambiri, koma ndinamufotokozera nkhani yonse.

"Zaka twente, bakamba, mukali kulilila golo imozi?" anatero akuseka.

Sindinamupatseko chitumbuwa.

Ndinafika ku Bradford wani koloko itadutsa. Basi yam'tauni inayamba kukwera chitunda pakati pa nyumba zolumikizana ngati yathu, ndipo ndinkapemphera kuti kwa Gibson kukhale pomwepo. Ayi ndithu, inapitirirabe mpaka kumene nyumba iliyonse ili payokha ndi kapinga wake. Gibson amagwira ntchito yopereka mankhwala. Pakhomo pake panali magalimoto awiri, ndipo mwiniwake anatuluka kudzandikumbatira alibe n'kamimba komwe. Zinandiwawa, sindibisa.

Felemu ndinaipeza pamwamba pa wayilesi ya kanema. Ndinadikira kuti alendo akhute mpunga, samusa ndi nkhuku yootcha, kenaka ndinaimirira.

"Gibson, tauza anthuwa. Chigoli ichi anamwetsa ndani?"

Anavala magalasi, n'kuwerenga ngati akuliona koyamba.

"Aa, si iwe kodi, aise? Ine ndinali panja, chifuwa pamtunda, ndikulira ndi bondo. Ndinangopachika chifukwa cha chithunzi changa chili pamenepachi, you know, tsitsi ndinali nalo." Anaitsitsa pakhoma n'kundipatsa. "Tenga. Mayi akunyumba akhala akufuna kupachikapo china."

Alendo anaomba m'manja pang'ono n'kubwerera ku nkhani za masukulu a ana. Mwana wake wamkazi anandifunsa m'Chingerezi ngati ndikufuna jumbo yoikamo. 

Ndinakwera sitima ya sikisi koloko felemu ili pamiyendo, dzina likadali la Gibson. Tikudutsa ku Barnsley ndinavomera kuti ndinkafuna akane. Ndinkafuna tikangane, aone kuti pali chinthu chimodzi chimene ine ndili nacho chimene iye amachisirira. Kwa ine chigolicho chinali tsiku lalikulu la moyo wanga wonse, koma iye anachipereka ngati munthu wobwereketsa machesi. Ndinapita ndi nsanje ya chigoli chimodzi, ndinabwerako ndikuchitira nsanje munthu yense.