Nkaka ya Mumgolo

Nditamaliza maphunziro a kuyunivesite ndinalembedwa ntchito kubungwe lina loteteza nyama zakutchire. Ndinkakhalabe ndi amayi kukomboni ya Kanyama. Anyamata a paminibasi ankandiseka: “Ba sisi, vinyama vamene musunga vili kuti? Kuno kuli chabe makoswe na achule.”

Ntchito yanga inali yoyenda m’masukulu ndi m’matchalitchi, kuuza anthu kuti asamagule nyama yophedwa mozemba. Tsiku lina m’dzinja anandiuza kuti nditsagane ndi asilikali a zanyama kukalanda nkaka, kanyama kamamba kaja kamene kamadzipinda kakaopa. Munthu wina ankaigulitsa. Sindinafunse kuti tikupita kuti.

Galimoto inakhotera mumsewu wathu womwe, ikusambira m’matope. Inaima pakhomo pa bambo wina woumba mabuloko, amene ankatithandiza kukumba ngalande madzi akatilowera m’nyumba.

Nkakayo inali mumgolo kuseri kwa chitseko, itadzipinda ngati nkhata. Ndinaikulunga m’chitenje changa n’kuifungata. Inali yopepuka, ndipo ndinkamva kupuma kwake pamimba panga. Bamboyo anamumanga unyolo anthu akuonerera. Mkazi wake sanalire. Anangondiyang’ana nkhope.

“Ndimwe?” anatero.

Ndinakakwera galimoto, nkaka ili m’manja.

Nkaka ija inakana kudya, ndipo inafera m’manja mwa dokotala wa nyama patangopita masiku ochepa. Bamboyo anamugamula kukakhala kundende zaka zingapo. Mkazi wake anayamba kugulitsa tomato pamphambano. Ankandipatsa moni mwaulemu m’mawa uliwonse, ndipo ulemuwo unkandipweteka kuposa mmene chipongwe chikanachitira.

Tsiku lina tinakumana pampopi. Chigubu chake chikudzaza, anandifunsa motsitsa mawu: “Ba sisi, nyama ija inapola?”

“Iyayi, amayi. Inafa.”

“Oho.” Anasenza chigubu n’kumapita.

Ntchitoyi ndikugwirabe, ndipo ndimaikhulupirira. Anandikweza udindo, ndinasamukira ku Mtendere, ndimalankhula pamisonkhano ikuluikulu anthu n’kumaomba m’manja. Koma nthawi zina ndili pakati polankhula ndimaona mayi uja atakhala kumpando wakumapeto, atapinda manja, akudikira kuti ndimalize. Ndimamwa madzi, n’kupitiriza.

Bambo uja anatuluka kundende chaka chatha. Amayi anga akuti tsitsi lake layera mbuu, ndipo salankhula ndi munthu. Ine sindinamuonebe. Ndikapita kukaona amayi ndimatsikira pasiteshoni ina, n’kuzungulira njira yakumsika.