Nyumba Imene Anafera Aphunzitsi

Ndinadzuka tambala woyamba asanalire. Sindinganene kuti ndinagona. Ndinangotsamira mtengo wa mango pabwalo la sukulu, pakati pa amuna amene anachezera pamoto. M'nyumba ya aphunzitsi amayi anali atatopa ndi kuimba, mawu akungomveka apo ndi apo. Mmenemo munali mtembo wa mng'ono wanga Lufeyo, mphunzitsi yekhayo wa sukulu ya kwathu, kum'mwera kwa Katete, kufupi ndi malire a Apwitikizi. Inali nthawi ya Chitaganya. Anadwala masiku ochepa: mutu, kutentha thupi, khosi kuuma. Ngolo yoti imutengere kuchipatala inafika atatsirizika kale.

Ine ndinkagwira ukalaliki pamsika wa mtedza ku Katete. Malume anali atamwalira, motero mbumba yonse inkayang'ana kwa ine. Chimene chinandisowetsa tulo si chisoni chokha. Kwathu munthu wamkulu akafera m'nyumba, nyumbayo siikhala. Anthu akabwerako kumanda, adzukulu okumba manda amadula nsichi, denga n'kugwa pansi, kuti mzimu usapeze pobwerera kudzavuta otsala. Tinachita zomwezo ndi nyumba ya atate, ndi ya malume yomwe. Palibe amene anafunsa.

Koma sukulu yathu inakhalapo chifukwa cha nyumba imeneyi. A ku ofesi ya maphunziro anatiuza kuyambira pachiyambi kuti iwo azilipira mphunzitsi ndi kutumiza choko ndi masileti, ife timange kalasi ndi nyumba yake. Popanda nyumba, mphunzitsi satumizidwa. Midzi yonse yozungulira inadula mitengo, amayi anasenza udzu ndi kuzira. Lufeyo ankaphunzitsa aang'ono m'mawa, okulirapo masana, ndipo Loweruka ankayenda khomo ndi khomo kupempha makolo kuti amasuleko ana ku ng'ombe, poti ana akachepa sukulu imatsekedwa. Tsopano inali nyengo yoyembekeza mvula yoyamba. Udzu wofolera unali utapsa kale ndi lupsa. Nyumba ikagwa, ina sikanamangidwa kufikira chilimwe china.

Kutayamba kucha, amayi anakoleza moto kuseri kwa kalasi. Mafuwa anafola mzere wautali, utsi n'kumakwawa pansi osakwera. Kunali chifundi chomata thukuta m'mawa momwemo. Adzukulu anadutsa ndi makasu kupita kumanda. Wamkulu wawo, bambo wamfupi wa diso limodzi, anaima pamaso panga. Adzukulu amaseka pamaliro, ndi mwambo wawo.

"Akalaliki, lero cholembera chipume, tigwira ndife," anatero. "Nkhwangwa tanola kale. Koma nsichi za mphunzitsi wanu n'zamuwanga, zitithyola mapewa. Mbuzi yathu isakhale yoonda."

Anzake anaseka. Ine ndinangogwedeza mutu.

Dzuwa likukwera anthu anayamba kufika. Ena anabwera panjinga kuchokera kumsewu waukulu, ena wapansi kuchokera tsidya la malire, nkhuku m'khwapa, ufa pamutu. Amayi ankayamba kulira akangoona denga la sukulu. Ndinaona kuti ambiri sankayandikira khonde la nyumbayo monga amachitira pasiwa. Ankagwada patali, kulira pang'ono, n'kubwerera kumithunzi. Imfa yachangu imaopsa. Ena ankanong'ona za anthu amene sankafuna sukulu m'dera lathu. Ine amene ndinapitako kusekondale ndinkaganiza za tizilombo ta matenda, koma zimenezo sizinandilimbitse mtima. Mwina akale ankadziwa chimene ankagwetsera nyumba. Ndikudutsa pafupi ndi mbiya za thobwa ndinamva mayi wina akuuza mnzake kuti mwana wake sadzapondanso pabwalo limeneli.

Chakumasana kunamveka njinga yamoto. Anali woyendera masukulu a m'dera lathu, munthu wamtali wa kwathu konkuno, fumbi lili mbuu m'nsidze. Anakalowa m'nyumba, anagwada pafupi ndi bokosi, kenaka anandiitanira kumbali. Sanalankhule mwaukali. Anati ali ndi mnyamata mmodzi yekha wongotsiriza kumene maphunziro a uphunzitsi, ndipo masukulu omulimbirana ndi ambiri. Akamupereka kwa ife, ena akhala opanda. Mwambo wathu ankaudziwa, poti kumudzi kwawo uliponso.

"Sindikulamulani, achimwene," anatero. "Koma nyumba ikagwa, malo a mphunzitsi ndiwapereka tsidya la mtsinje. Akapita kumeneko sabwereranso."

Sukulu ya tsidya la mtsinje ndinkaidziwa. Mvula ikakhazikika, ngakhale munthu wamkulu saoloka. Maphunziro a ana a alongo anga, ndi a ana a Lufeyo yemwe, akanathera pomwepo.

Mwambo wa mapemphero unachitikira pabwalo. Mkulu wa mpingo anawerenga mawu, amayi anaimba, mlamu wanga, mkazi wa Lufeyo, anakomoka, anzake n'kumuthira madzi. Kum'mwera mitambo inaunjikana yakuda bii, mabingu akumveka patali pamapiri a kwa Apwitikizi. Adzukulu anatulutsa bokosi mofulumira, kuopa kuti mvula ingadzaze manda.

Ana sapita kumanda. Koma bokosi likudutsa, ana a sukulu anatuluka m'tchire momwe anawabisa, n'kuima pamzere m'mbali mwa bwalo, aafupi kutsogolo, aatali kumbuyo, monga ankaimira m'mawa uliwonse. Palibe anawauza. Makolo ena anathamanga kukawakoka pamkono. Mzere unaduka pakati, otsalawo anangosendera pamodzi.

Njira ya kumanda inali yopapatiza, motero tinayenda mondondozana. Mphepo inayamba kuomba, masamba ouma akutigwera kumaso. Kumanda kunali zii pansi pa mitengo ikuluikulu. Anatsitsa bokosi, analowetsa m'chipinda cha m'mbali, anatseka ndi mitengo ndi mphasa. Ndinaponya dothi loyamba. Ndivomere kuti maganizo anga sanali m'dzenjemo. Anali pa nkhwangwa. Mvula sinagwe. Inangowaza madontho akuluakulu, n'kupitirira.

Titasamba m'manja ndi kumaso, tinabwerera kusukulu. Katundu wa mlamu wanga anali atatulutsidwa kale, ataunjikidwa pansi pa mango. Adzukulu anaima kumakona a nyumba, nkhwangwa paphewa. Sakanayamba popanda mawu a mwini mbumba. Anthu amene ankati azipita anaimanso. Woyendera masukulu anali pafupi ndi njinga yake, maso pansi.

Ndinaima pakhonde. Ndinati nyumbayi si ya mbumba yathu, poti nsichi iliyonse ili ndi mudzi wake. Lufeyo anangobwereka. Ndinapempha kuti atenthe mphasa ndi bedi lake, achite mankhwala alionse amene akudziwa, koma denga alisiye.

Kenaka analankhula mayi aang'ono, mng'ono wa malemu amayi, amene anatilera tonse awiri. Sanakweze mawu.

"Mwana wanga, wanena bwino. Koma mugona ndani? Ufuna kugoneka mwana wa eni pamene panafera magazi ako, iwe uli ku Katete m'nyumba ya malata? Mzimu ukamuvuta usiku, makolo ake adzafunsa ndani? Nanga akadwala mmodzi mwa zidzukulu zangazi, udzatiuza chiyani?"

Ndinayang'ana alongo anga, onse anazolika. Ndinadziwa kuti kuyambira tsikulo, mwana aliyense wa m'banja mwathu akatentha thupi, dzina lotchulidwa lidzakhala langa.

"Ndigonamo ine," ndinatero. "Kufikira mphunzitsi atabwera."

Mdzukulu wa diso limodzi anatsitsa nkhwangwa. Nthawi ino sanaseke. "Mbuzi ndiye tidyabe, akalaliki," anatero, n'kulowa kukatulutsa bedi. Analitenthera kuseri pamodzi ndi mphasa ndi bulangeti. Anawaza madzi a mankhwala pakhomo ndi m'makona. Woyendera masukulu anandigwira dzanja. Anati ayesetsa, koma sanalonjeze tsiku, ndipo anati akadzabwera adzafuna kupeza ana m'kalasi. Analiza njinga yake n'kupita.

Anthu anabalalika mofulumira, osatsazika bwino. Mlamu wanga anapita ndi abale ake. Mkazi wanga anandibweretsera mphasa yatsopano ndi nyali, koma anaziika pansi m'malire a bwalo. Anati iye ndi ana akagona kwa amayi ake, ndipo ndisabwereko kufikira azakhali ake atanena. Sindinamudzudzule.

Dzuwa litalowa, pabwalo panatsala phulusa ndi mafuwa okhaokha. Ndinakhala pakhonde, msana utatsamira khoma, ndikuzengereza kulowa. Ndipamene bambo wina wa mudzi wa kumtunda anatulukira panjira. Anaima patali, pomwe anaima mkazi wanga, chipewa m'manja.

"Pepani, bambo. Kodi Lolemba ana abwere?"

"Abwere."

"Awaphunzitsa ndani?"

"Adzandipeza ine."

Anayang'ana nyumbayo kanthawi, kenaka anavala chipewa n'kubwerera. Sananene ngati awatumiza.

Ndinayatsa nyali n'kulowa. M'nyumba munali mopanda kanthu, fungo la mankhwala ndi utsi. Pansi panali timaenje tinayi pomwe panaima miyendo ya bedi. Mphasa yanga ndinayala kumbali ina. Kudenga kunkamveka kaphokoso, mwina khoswe, mwina mphepo. Ndinaima pakhomo nthawi yaitali, dzanja lili pachitseko. Kuchisiya chotsegula ndinkaopa, kuchitseka ndinkaopanso. Potsiriza ndinatseka.