Kapepala Kamene Manase Adakasiya

"Dzanja lako lomwelo, Manase! Ndi lomwe lidandisiya mumdima, lero ukubwera nalo ndi nthochi?"

Adatero Keziya, mlongo wake wamkulu, akukankha nthochizo ndi phazi. Manase adangoti njo pakhomo. Munthu woti m'dera lonse la Hara palibe adamugonjetsapo pakamwa, tsikulo adangowerama n'kutola nthochizo.

Manaseyu anali mlimi wa mpunga. Sukulu adalekezera Sitandade 4, koma Chinkhonde, Chitumbuka ndi Chichewa ankazitembenuza ngati chinangwa pamoto. Ndiye mu 1979, madokotala a mayunivesite awiri akutali atagwirizana zomanga nyumba yofufuzira matenda a maso, adamutenga akhale womasulira. Njerwa adaumba nawo. Pa njinga yobwereka adafika ku Lupembe, uyo ku Sangilo, kunyengerera anthu amene zikope zidawapindikira m'kati, tsitsi lake n'kumakanda diso. Anthu akamati madokotala achizunguwo akolowola maso, iye ankatong'ola lake ndi chala, ati onani, andiyeza kanayi, likadalipo.

Tsiku lotsegulira, amayi atavina, wapampando wa chipani atalankhula mpaka dzuwa kupendeka, adabweretsa chipewa muli timapepala ta mayina a midzi khumi. Madokotala adamuuza Manase atole tisanu, midzi imeneyo iyambe kulandira mankhwala. Timapepalato adalemba yekha, ndipo ka kwawo adakazindikira, kanali kong'ambika pakona. Adakagwira ndithu. Koma mwana woleredwa bwino amayamba kudzigawira, anzake akuyang'ana? Adakasiya, poganiza kuti otsalawo ndi nkhani ya sabata yamawa.

Sabatayo idasanduka zaka ziwiri. Kani midzi yotsalayo inali yongoyerekezera, kuti aone kusiyana kwake ndi yolandirayo. Mawu amenewo palibe adamupatsa kuti amasulire. Keziya ankapita ku nyumba ya masoyo mwezi ndi mwezi, kumuunika ndi katochi, kulemba m'buku, basi bwererani mayi. Diso lamanzere lidayera mbee, lamanja lili m'njira yomweyo.

Masiku amenewo kudandaula mokweza kunali kudziitanira galimoto ya apolisi, ndipo Manase ankadziwa. Komabe tsiku la nthochi lija, atachoka kwa mlongo wakeyo sadalowere kumunda, mbalame zidye mpungawo zikafuna. Adakakhala pakhomo pa nyumba ya maso ija, miyendo tambalale, kumutsekera njira Elliot, kalaliki wa ku Zomba amene ankasunga makiyi.

"Sindisuntha pano, a Elliot. Amene ankadziwa za zaka ziwirizo n'kungondiyang'ana ndikutola, muitaneni. Apite yekha akamuyankhe Keziya, diso linalo lisanatseke."