Ngalande ya pa 3 Malichi

Masiku ano pa 3 Malichi akabaza amapalasa njinga zawo ngati tsiku lina lililonse, ndipo msika wa pa Liwonde umadzaza. Adzukulu anga amangodziwa kuti kulibe sukulu. Ndikawaona akutsikira kumunda makasu ali paphewa, sindibisa, ndimachita nsanje.

Kale sizinali choncho. Tsikuli ndi lokumbukira anthu amene anaphedwa ndi atsamunda pomenyera ufulu, ndipo boma la nthawi imeneyo linkafuna kuti chisonicho chizioneka ndi maso. Kulima ayi, kusinja ayi, kuchapa ayi, ngakhale kuseka mokweza. Wailesi inkangolira nyimbo zamaliro, ndipo amene anali nayo ankaitsegula kuti odutsa amve kuti pakhomopo akukhuza nawo. Anyamata achipani, a malaya ofiira, ankazungulira m'midzi kusaka amene wagwira ntchito.

Chaka chimene ndikunenachi n'kuti nditangokwatira kumene. Kwathu ndi kwa Kalembo, koma monga mkamwini ndinatsatira mkazi wanga kwa Mposa. Akuchikazi anandilozera malo omangapo kumunsi kwa njira, malo amene aliyense wanzeru anali atawakana kale. Mkamwini watsopano sasankha, ndiye ndinathokoza ndi manja awiri. Ndinaumba zidina ndekha, n'kumanga zipinda ziwiri, n'kufolera ndi udzu. Mkazi wanga anali woyembekezera, watsala mwezi umodzi, ndipo ndinkanyadira kuti mwana wathu adzafikira m'nyumba ya bambo ake.

Chinatsala chinali chimodzi: ngalande yopatutsa madzi kumtunda kwa nyumba. Mkazi wanga anandikumbutsa mpaka anatopa. Ine ndinkangoti mawa, chifukwa mpunga kudambo unkafuna kupalira, komanso kunena zoona ulesi unalipo.

Kunacha pa 3 Malichi mvula yadzulo isanakate. Madzi ochokera kuphiri anadzaza njira, kenako anaisiya n'kulunjika pakhoma langa lakumbuyo. Zidina zosawotcha sizilimbana ndi madzi, zimangosungunuka ngati shuga mu tiyi. Tsidya la njira, pakhonde la golosale yotseka, anyamata atatu a malaya ofiira anali atausa mvula, nkhope zili kwathu. Mmodzi anali msuweni wa mkazi wanga, amene anadya mpunga paukwati wathu mpaka kupempha wina.

Ndinayamba ndi nzeru za munthu wamantha. Ndinatuluka ngati ndikungoyendera nyumba yanga, manja kumbuyo, uku ndikukanda dothi ndi chidendene kuti madzi apeze njira ina. Ndinapita n'kubwerera kanayi. Msuweni uja anakuwa ali pakhonde pomwepo.

"Alamu, phazilo likuyenda kapena likulima?"

"Likuyenda, alamu."

"Liziyendera chakukhonde, mungadwale."

Ndinabwerera kukhonde. Sipanapite nthawi, madzi anafika pamzere wachiwiri wa zidina, ndipo mkati mwa chipinda munayamba kunyowa. Mutu wanga unatentha. Ndinalowa, n'kutenga khasu kuseri kwa chitseko.

Chikwatirireni, ndinali ndisanalankhulanepo maso ndi maso ndi apongozi anga aakazi. Tikakumana panjira, iwo ankapatukira kutchire, ine n'kuyang'ana kumbali, ndipo mawu athu onse ankadzera mwa mkazi wanga. Umenewo ndiye unali ulemu. Koma tsiku limenelo anadutsa bwalo m'mvula, chitenje chili kumutu, n'kundipeza pakhomo ndisanatuluke. Anagwira mpini wa khasu, n'kundiyang'ana m'maso.

"Bambo, iyayi. Ikani pansi."

"Amayi, nyumba ikugwa."

"Ndikuiona, maso ndili nawo. Mchimwene wanga anamutenga tsiku ngati lalero chifukwa chomata chubu cha njinga. Anabwera mvula itatha, mano akutsogolo kulibe. Mwanayu akabadwa n'kufunsa bambo ake, mukufuna ndidzamuloze khoma?"

Anandilanda khasulo, n'kupita nalo kukhonde kwawo, n'kulikhalira.

Katundu tinatulutsa mmodzimmodzi, pang'onopang'ono, kuti kusaoneke ngati ntchito: mphasa, mapoto awiri, thumba la ufa, wailesi. Msuweni uja anatembenukira kukhoma la golosale mpaka tinamaliza, ndipo chifundo chake chinathera pamenepo. Tinakhala pakhonde la apongozi, atatu kundanda, wailesi ili pakati pathu ikuimba zamaliro. Nyumba inali patsogolo pathu, mtunda woti mwala ukhoza kufika.

Anthu amene ankawakumbukira pa wailesi ndinkawalemekeza, ndipo mpaka lero ndimawalemekeza. Koma masana amenewo mumtima mwanga munali mkwiyo wokhawokha. Ndinkadzifunsa ngati anthuwo anaferadi kuti mwamuna wamphumphu akhale manja lende, khasu lili pansi pa apongozi ake, akuonerera thukuta lake likutsetsereka kupita kudambo. Funso limeneli sindinalitulutse, ngakhale kwa mkazi wanga. Ndinkadzikwiyiranso ndekha, chifukwa masiku onse amene khasu linali lololedwa ndinkati mawa.

Nthawi ya swala, pemphero lathu Asilamu la masana, ndinapempha Mulungu kuti mvula ikate. Inakatadi, koma madzi akuphiri samva kuti kumwamba kwayera, anapitiriza kubwera. Mng'alu unayambira pansi pa zenera n'kukwera. Ndinkauona ukukula, ndipo ndinayamba kudzuka. Apongozi sananditembenukire, anangoti, "Khalani, bambo."

Khomalo silinagwe ndi phokoso monga ndinkaganizira. Linangofwamphuka pansi n'kukhala, kenako denga linapendekeka n'kulitsatira, ndipo khoma lapakati linapita nalo limodzi. Mkazi wanga anagwira mimba yake n'kuyamba kulira mokweza.

Anyamata aja anali atanyamuka kuti azipita kumudzi wina. Podutsa pabwalo pathu, wamkulu wawo, amene sanali wa m'mudzimo, anaima. Anayang'ana wailesi, n'kuyang'ana mkazi wanga misozi ili mbwembwembwe. Nyumbayo sanaiyang'ane n'komwe.

"Mwaona?" anawauza anzakewo. "Awa ndiye akulidziwa tsikuli."

Ine ndinayankha kuti zikomo. Ndi pakamwa panga pomwe, ndinati zikomo, n'kuweramitsa mutu.

M'mawa mwake apongozi anatuma mkazi wanga kuti andipatse khasu, ndipo kuyambira pamenepo anabwerera kundipatukira panjira monga kale. Ndinapita pamene panagwa nyumba paja osadziwa poyambira. Udzu unali m'matope, chitseko chili chagada. Madzi anali akuyendabe pamalo pomwe panali chipinda chathu, ndiye ndinakwera kumtunda n'kuyamba kukumba ngalande ija, kupatutsa madzi kuti asalowe m'nyumba yomwe kunalibe. Dothi linali lofewa. Sindinathe ngakhale ola limodzi.