Kaputeni Amene Anakana Kuyera

Ku Senga Bay kulibe mlovi, kapena kuti msodzi, amene sanaphunzitsidwepo kupirira ndi a Lawson, ngakhale a Lawsonwo sanalowepo m'nyanja kupitirira pamene madzi amalekeza m'chiuno. Akuti boti limawachititsa nseru. Ntchito yawo inali ya kumtunda, m'kanyumba ka malata kuseri kwa msika wa nsomba, momwe ankaonetsa mafilimu n'kumawamasulira ndi pakamwa. Azungu, Amwenye ndi Matchaina akayamba kulankhula pa sikirini, a Lawson ankatsitsa voliyumu n'kugwira maiki, basi anthu onsewo n'kuyamba kulankhula Chichewa cha ku Salima.

Musafunse kuti zilankhulo zonsezo anaziphunzira kuti, chifukwa sanaziphunzire. Chizungu chawo chinathera ku pulayimale, ndipo pa Chitchaina ankangomva kukuwa kwa munthu akamamenyedwa. Koma maso anali nawo. Ankayang'ana nkhope ya munthu, kayendedwe kake, momwe watsekera chitseko, n'kudziwa zimene zili mumtima mwake. Zotsalazo ankadzazamo okha. Mzungu atavala chijasi kudziko lozizira ankamveka akudandaula kuti mpunga wa ku Chinguluwe chaka chino sunachite bwino. Msilikali akamatsirizika ankatsanzika kuti, "Mukawauze amayi mbuzi ija asagulitse." Ndipo amuna akuluakulu ankapukuta misozi ndi malaya.

Asanayambe ntchitoyi ankapalasa kabaza pakati pa boma ndi kunyanja. Tsiku lina ananyamula mkulu wina, a Enock, amene ankaonetsa mafilimu pafupi ndi depoti ya ku Salima. Ulendo wonsewo a Lawson sanatseke pakamwa: anafotokoza mbiri ya mbuzi iliyonse imene anaidutsa, ndiponso zimene mayi wina wosenza nkhuni ankaganiza za amuna ake. Potsika, a Enock anati, "Iwe mphwanga, miyendoyi ukungoizunza. Ntchito yako ili m'kamwamo." Anawatenga, n'kuwaphunzitsa kugwira maiki mosawalavulira, n'kuwapatsa lamulo limodzi lokha: m'kamwa mwa munthu wa m'filimu uikemo chilichonse chimene ufuna, koma usamusinthe mtima. Wakuba akhale wakuba.

A Enock atamwalira, a Lawson anabwera ndi luso lija kwawo kunyanja. Kuno mafilimu amaoneredwa m'mawa, alovi akabwera ku usipa. Ankalowa ali ndi mamba m'mikono, maso ali psuu, ena n'kugona filimu isanafike pakati. Iwo ankafuna zomenyana, koma a Lawson ankakonda nkhani za anthu opirira: wothamanga wothyoka mwendo amene akuyambiranso, mphunzitsi wokalamba amene sataya mwana wopulupudza, kalaliki wokana ziphuphu mpaka kuchotsedwa ntchito. Pakafika pokoma ankaimitsa filimu n'kutembenuka.

"Mwaona, anyamata? Wagwa kangati munthuyu? Wadzuka kapena sanadzuke?"

"Wadzuka, madala! Pitirizani!"

"Iwe Davie, ukanakhala iwe ukanadzuka?"

Davie anali mlovi wamkulu thupi, wosalankhulalankhula, amene ankakhala pabenchi yakutsogolo tsiku lililonse. Ankakhulupirira mawu onse otuluka mu sipika ngati a m'tchalitchi. Atamva kuti wothamanga uja ankadya mbatata yootcha asanathamange, naye anayamba kunyamula mbatata popita panyanja.

Kunyumba kokha n'kumene ulaliki wa a Lawson sunkagwira. Akazi awo, a Eveles, ankayanika usipa pa mathandala, ndipo kunena zoona banjalo linkadya usipawo, osati maiki. M'kanyumba ka mafilimu sanapondemo ngakhale kamodzi. Ankati fungo la nsomba amalimva kale kuntchito, sangalilipirirenso. Amuna awo akayamba kufotokoza za kupirira, iwo ankati, "Bambo a Tadala, filimu ya kupirira ndimaionera pompano. Ndi ine ndemwe."

Tsono kanyumba kaja sikanali ka a Lawson. Kanali ka bwana Happy, pamodzi ndi sikirini, sipika, jenereta ndi mabenchi omwe. A Happy anali ndi maboti ndi makoka a chilimira, ndipo theka la alovi oonera mafilimu linali lawo. Ankakonda kuti anyamata azikhala kwa a Lawson m'malo mokamwa mowa, choncho kwa zaka zambiri awiriwa ankagwirizana. Vuto linabwera ndi mwera. Nyengo imeneyo mphepo inavuta, koma a Happy ankatumizabe maboti, ngakhale lina limene injini yake inkatsokomola ngati munthu wosuta chingambwe. Alovi anayamba kung'ung'udza. Zinamveka kuti akupangana zokana kulowa m'madzi.

Sabata yomweyo a Lawson anapeza filimu yatsopano pa fulashi, ndipo anailengeza pa sipika mpaka amayi a pamsika anatopa nayo. Inali ya sitima yaikulu yophera nsomba kunyanja yozizira. Munali kaputeni wankhanza, amene a Lawson anamutcha Chimimba, ndi mkulu wokonza injini, amene anamutcha Madala Sipanala. Mkuluyo ankaphunzitsa anzake ntchito moleza mtima, ndipo ndi yekhayo amene ankauza kaputeni m'maso kuti sitima yatha, tibwerere. Monga mwa chizolowezi, a Lawson anayamba aionera okha masana kuti akonzeretu mawu. Sanadziwe kuti a Happy aima pakhomo ndipo aona mpaka pomwe antchito akumanga kaputeni ndi chingwe.

"Filimu yabwino," anatero a Happy.

"Yabwino zedi, bwana."

"Anyamata amakumverani inu kuposa abusa, a Lawson. Mawa muionetse. Koma kaputeniyo ndiye akhale mphunzitsi. Munthu wolimba, wofuna kuti anyamata ake asakhale amantha. Winayo wa sipanalayo ndi waulesi, wosokoneza anzake."

"Koma bwana, nkhope yake..."

"Nkhope ilibe mawu. Mawu ndi anu. Zachingwezo zisanafike, ine ndidzazimitsa jenereta." Anatulutsa loko m'thumba, n'kumuyang'ana ngati akumuona koyamba. "Ena akundipempha kanyumbaka kuti azisungiramo makoka."

A Lawson anafika kunyumba nkhope itagwa. Atafotokoza, a Eveles anaseka mpaka kukhala pansi.

"Inu mumanama kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Lero ndiye bodza lakudwalitsani?"

"Ine sindinama, mayi a Tadala. Ndimamasulira."

"Mzungu uja anadziwa bwanji za mpunga wa ku Chinguluwe?"

"Zimenezo n'zokometsera. Izi n'zina."

A Lawson anachita mantha, tisabise. Munthu wa imvi, maondo otha ndi kabaza, akachotsedwa pa maiki apita kuti? Anadziuza kuti ndi filimu chabe, kuti kaputeniyo ndi munthu wolembedwa ntchito yochita sewero, mwina kwawo ndi dikoni. Pofika m'mawa anali atagwirizana ndi mtima wawo kuti amuyeretsa Chimimba.

Kanyumba kanadzaza mpaka ena kukhala pansi. A Happy anakhala pampando pafupi ndi chitseko, pomwe waya wa jenereta ankadutsa. Filimu inayamba, Chimimba n'kutulukira, nkhope ngati wamwa mankhwala a malungo.

"Ameneyu, anyamata, ndi bambo wachifundo," anatero a Lawson. "Musaone nkhope. Dzino likumuwawa."

Chimimba analanda mbale ya chakudya kwa wantchito wina n'kuitaya m'madzi.

"Waona kuti muli ntchentche. Akumuteteza ku kolera."

Chimimba anamenya munthu ndi thabwa pamsana.

"Apa... apa akumuwongola msana. Kudziko lakwawo ndi momwe amachitira munthu akatopa."

M'kanyumba munayamba kuseka. Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Ndiye bwana Happy ndi dokotala!" Anthu anagwa nacho chiseko. A Happy anamwetulira ndi mano okha. A Lawson thukuta linali kamukamu, maiki akuterera m'manja. Chimimbayo ankachita ngati akudziwa ndipo akufuna kuwayesa, chifukwa akangomuyeretsa apa, iye ankakadetsa pena. Anakankha wophika, anatsekera wodwala m'chipinda, anaponda chala cha munthu n'kuimapo. A Lawson anamasulira zonse. Anati wophikayo anali pafupi kupsa, wodwalayo akufunika mpumulo, ndipo chalacho chinali ndi chinkhanira. Ntchito yolemera chonchi anali asanaigwirepo, ngakhale ponyamula matumba a chimanga pa kabaza.

Kenako panafika pamene ankapaopa. Namondwe wakula, injini yazima, Madala Sipanala akwera pamwamba kukauza kaputeni kuti abwerere. Awiriwo akukangana m'mphepete mwa sitima. Chimimba akuyang'ana uku ndi uku, kenako akumukankha, mkuluyo n'kugwera m'madzi akuda.

A Lawson anayandikitsa maiki kukamwa. "Akumuphunzitsa kusambira," anatero.

Ena anaseka, koma pang'ono. Pa sikirini chipewa cha mkuluyo chinkayandama chokha. Davie sanaseke. Anatembenuka pabenchi paja n'kuwayang'ana a Lawson, osati mokwiya ayi, koma mofuna kudziwa, monga ankachitira masiku onse.

"A Lawson, zoona?"

Iwo anayang'ana kuchitseko. A Happy anali atagwira kale waya. Anayang'ananso Davie, munthu amene madzulo a tsiku lomwelo anayenera kukwera boti la injini yotsokomola lija, ndipo akanakwera ndithu ngati sipika ikanamuuza kuti amuna enieni sabwerera. Manyazi amene anawagwira a Lawson anaposa mantha aja.

"Ayi, Davie. Si zoona. Wamukankha." Mawu anatuluka aang'ono, ndiye anakweza voliyumu. "Wamukankha dala! Munthuyu ndi mfiti kuyambira pachiyambi! Mbale ija munalibe ntchentche, thabwa lija si mankhwala, ndipo dzino silikumuwawa, nkhope yake ndi yomweyo! Mkuluyu wanena zoona kuti sitima yatha, ndiye..."

Jenereta inazima. Sikirini inada, sipika inangoti zii. Koma a Happy anaiwala kuti munthu amene anagwirapo ntchito pafupi ndi depoti safuna magetsi kuti amveke. A Lawson anakwera pabenchi, maiki akufa ali m'manja, n'kumaliza filimu yonse ndi pakamwa, chingwe ndi zonse. Anachita kuonetsa momwe anamumangira kaputeni uja, mpaka benchi inathyoka mwendo. Alovi anatuluka akukangana za mtundu wa mfundo imene inagwiritsidwa ntchito. A Happy anadikira kuti womaliza atuluke, n'kulanda maiki, n'kukhoma loko.

Madzulo amenewo boti lija silinalowe m'madzi. Alovi anakhala pamchenga, manja m'khwapa, mpaka a Happy anaitanitsa makaniko kuchokera ku boma. Zimenezo anthu amazikamba mpaka lero, ndipo aliyense amati ndi iye anayamba kukana. Za a Lawson amangoti, "Madala aja anatiseketsa tsiku limene lija."

M'kanyumba kaja tsopano muli makoka. Alovi amaonera mafilimu pa foni, omasuliridwa kale ndi anyamata a m'tauni amene amalankhula mothamanga ngati akuthawa galu. A Lawson anayesa kufunsa malo ena, koma palibe mwini nyumba amene amafuna munthu wokwera pabenchi. Akamadutsa kuseri kwa msika amafulumiza miyendo, chifukwa zimawawawabe, ndipo sabisa.

Masiku ano amathandiza akazi awo pa mathandala. Ntchitoyo saidziwa. Amamwaza usipa mounjika, amaiwala kuthamangitsa akhwangwala, ndipo amaimitsa manja akayamba kulankhula. A Eveles amawakalipira ngati wantchito waganyu. Tsiku lina m'mawa, ali mbali ino ndi mbali iyo ya thandala, mayiwo anafunsa osadzutsa mutu.

"Bambo a Tadala, mkulu wa sipanala uja, anamuvuula?"

A Lawson anadabwa. Pa zaka zonse za ukwati wawo, aka kanali koyamba kufunsidwa za filimu pakhomo pawo.

"Sanamuvuule."

"Olo pamapeto penipeni?"

"Olo pamapeto."

"Inu ndi pakamwa panupo simukanamupezera kabwato kodutsa? Ndani akanadziwa?"

A Lawson anaganiza. Kabwatoko anakaona ndithu m'mutu mwawo, ndi wopalasa wake yemwe, ndipo dzina anali atamupezera kale.

"Ayi, mayi a Tadala," anatero. "Anamira."

A Eveles anapukusa mutu, n'kutsonya pang'ono. Kenako anazungulira thandala, n'kutenga beseni lolemera limene linali pamapazi pa amuna awo, n'kuwasiyira lawo lopepukirapo.