Sajeni wa m'Chipinda cha Mafizo

Mlongo wanga wamng'ono timamutcha Sajeni, ngakhale sanavalepo jombo za usilikali. Anabadwa ine ndili ku sekondale. Anamwino ataona maso ake ndi kufewa kwa thupi lake anaitana dokotala, ndipo dokotalayo anauza mayi kuti mwana wabadwa ndi chimene achipatala amachitcha Dauni. Anati adzachedwa kukhala, kuyenda ndi kuyankhula, komanso minofu yake idzakhala yofooka. Mayi anangofunsa kuti, "Nanga kuyamwa, aziyamwa?" Atamva kuti inde, anamufunditsa n'kubwera naye kunyumba.

Kuchedwa kuyendako sikunatidetse nkhawa kwenikweni. Chimene chinatisowetsa mtendere chinali chifuwa. Kachimfine kamene ife kankangotidutsa, kwa iye kankatsikira m'mapapo n'kusanduka chibayo. Analibe mphamvu zotsokomolera, choncho makhololo ankangolira m'chifuwamo. Mayi anafika podziwana ndi alonda onse a pageti la chipatala. Atafika msinkhu woyamba sukulu, ankati akayenda kuchoka pakhonde kukafika pampopi, ankakhala pansi ali wefuwefu.

Dokotala wa ana atamupima mtima n'kupeza kuti uli bwino, anatitumiza ku mafizo, kumene odwala amachita zolimbitsa thupi. Kumeneko tinapeza mayi wina wamtali, wa mawu aakulu, amene tonse tinkangowatcha Amafizo. Anatiuza kuti kupuma nako kuli ndi minofu yake, ya m'nthiti ndi ya pamimba, ndipo minofu imalimba ikamagwira ntchito. Kenako anapatsa mwana botolo la madzi ndi kapaipi kuti auzire mpaka madziwo achite thovu. Mlongo wanga anamwa madziwo.

"Ayi mwanawe, uzira, usakoke!"

Anamwanso, n'kumwetulira. Amafizo anaseka mpaka misozi. Potuluka anauza mayi kuti, "Ine ndizimuona mwa apo ndi apo. Ntchito yeniyeni ili kwanu kunyumba."

Kunyumbako zinakanika. Mayi akati amunyengerere, iye ankadzigwetsa pansi n'kunena liwu limene ankalitha bwino kuposa onse: "Toto!" Bambo athu, amene anapuma usilikali n'kuyamba ulonda pasitolo ina, ankangoonerera. Loweruka lina m'mawa anadzuka pampando n'kutitulutsa tonse pabwalo, mayi, ine ndi azakhali amene anangobwera kudzacheza.

"Aliyense pamzere! Manja m'mwamba! Kokani mpweya! Gwirani! Tulutsani!"

Mwana sanamuitane ayi. Anatsala pakhonde akutiyang'ana. Ataona kuti azakhali manja awo akutsika, anadzuka n'kudzaima, osati pamzere, koma kutsogolo pambali pa bambo.

"Zakhali! Manja!"

"Kalanga ine, ndabwera kudzacheza kapena kudzalembedwa usilikali?" anadandaula azakhali, koma manja anakweza.

Tinazindikira tsiku limenelo kuti mwanayu angachite chilichonse bola wolamula akhale iyeyo. Ndipo wolamula amayenera kuonetsa kaye. Ankatiuziritsa thonje patebulo ngati tikusewera mpira, kutikwawitsa pansi pa mipando, kutikankhitsa khoma, kutikwezetsa masitepe a pakhonde mpaka mawondo kunjenjemera. Anansi atamva kamawu kake m'mawa uliwonse, ndi amene anamupatsa dzina lija.

Zipatso zake sizinabwere msanga. Nyengo yozizira yotsatira anagonekedwabe m'chipatala, ndipo mayi anagwa ulesi. Koma ulendo umenewo anatha kutsokomola yekha n'kutulutsa makhololo, ndipo sanakhalitsemo ngati kale. Ku mafizo kunali kamakina kopimira mapapo, kouziramo ndi pakamwa. Panapita nthawi kuti aphunzire kutseka milomo bwinobwino pouzira. Tsiku lina Amafizo anaitana bambo n'kuwaonetsa papepala la kamakinako mzere wakale ndi mzere watsopano, umene unakwera moonekeratu. Bambo anaima njo. Anagunditsa zidendene n'kumuchitira mwana wawo sawatcha, anthu onse akuona.

Bambo anatisiya iye ali mtsikana wamkulu ndithu. Sukulu anaphunzira mpaka kudziwa kulemba dzina lake ndi kuwerenga zikwangwani zingapo, kenako anangokhala pakhomo. Mafizo a m'mawa sanasiye, kungoti asilikali ake anatha: ine ndinali nditakwatira, ndipo mayi mawondo anali atayamba kuwavuta.

Mawondo omwewo ndi amene anamupezera ntchito. Anaperekeza mayi kuchipatala, ndipo podutsa pachipinda cha mafizo anasuzumira. Amafizo aja anali atapuma, m'malo mwawo munali bambo wina wachinyamata. Tsikulo linali la ana a Dauni. Kamtsikana kena kanali katagona chafufumimba pamatiresi, mayi ake akukapempha ngati akupempha bwana. Sajeni analowa osaodira n'komwe.

"Iwe, dzuka! Amayi ake, nanunso pamzere!"

Mayi athu anachita manyazi n'kuyamba kupepesa, koma wa mafizoyo anati, "Tamusiyani kaye, mayi." Anawo anamuyang'anitsitsa munthu wamkulu wa nkhope yofanana ndi yawo. Iye atakweza manja, anakweza. Atatulutsa mpweya kuti fuu, chipinda chonse chinati fuu.

Poyamba ankangopita kukathandiza, kenako achipatala anamulemba. Wa mafizo ndiye amapima mwana aliyense n'kusankha zoti achite. Sajeni amayala matiresi, amatsuka mabotolo ndi timapaipi, ndipo nthawi ikakwana amaima kutsogolo. Mawu ena samveka bwino m'kamwa mwake mpaka lero, ndipo kukazizira timamuvekabe majuzi ngati khanda, iye akukana. Koma wadutsa zaka makumi atatu, ndipo sindikumbukanso kuti anagonekedwa liti komaliza.

Sabata yatha ndinadzera kuchipatalako kuti tibwerere limodzi. Pabenchi panja panakhala mayi wachitsikana, khanda lili pamiyendo, akuyang'ana pazenera.

"Bambo, anti akulamulawo ndi abale anu?" anandifunsa.

"Ndi mlongo wanga, bere limodzi."

"Zoona amagwira ntchito pano? Ntchito yeniyeni?"

"Yeniyeni. Akachedwa amadzudzulidwa ngati wina aliyense."

Mayiyo anavundukula kansalu kumaso kwa khanda lake, lomwe maso ake anali ngati a Sajeni, n'kuliyang'ana nthawi yaitali. Ndinafuna kuwonjezera mawu, koma chitseko chinatseguka, Sajeni n'kutulukira ndi ndowa ndi chokolopera.

"Achimwene, mwaponda pamene ndakolopa."

"Pepani, sindinaone."

"Bwererani uko. Sindinaweruke."

Ndinabwerera pabenchi paja, ndipo mayi uja anandisunthirako kuti ndikhale.