Bishopu Wachitatu wa Apongozi

Nkhondo ya Ajeremani isanayambe, ndinali mphunzitsi pa mishoni ina kumapiri a ku Dedza. Wansembe wathu, mzungu wa ndevu zofika pachifuwa, ndiye anatiphunzitsa masewera a tchesi. Zidole zake zinali zosakwanira, ndiye zotsalazo anasema apongozi anga, atate a mkazi wanga, amene anali mmisiri wa matabwa pamishonipo.

Chaka china titakolola, wansembeyo anakonza mpikisano pakhonde la sukulu. Tinalipo asanu ndi atatu, ndipo mphotho inali bulangete. M'nyengo ya chisanu kwathu kuno, bulangete si nkhani yoseka.

Ine ndinali ndi kachinsinsi kanga koyambira. Ndinkakankha msilikali wa patsogolo pa mfumu, kutulutsa mfumukazi, kenako bishopu, ndipo pa ulendo wachinayi mfumu ya mnzanga inali itagwidwa kale. Mphunzitsi mnzanga ndinamugwetsa choncho. Wophika wa ansembe anagonja asanakhazikike n'komwe pampando. Womaliza kukumana naye anali apongozi.

Ndinakhala chammbali, maso pansi, monga achitira mkamwini waulemu. Koma bulangete ndinkalifuna. Ndinayenda maulendo anga atatu, iwo akungosuntha asilikali mosalabadira. Pa ulendo wachinayi ndinatenga mfumukazi yanga n'kudya msilikali woyandikana ndi mfumu yawo, n'kunena motsitsa mawu:

"Pepani bambo, mfumu yanu yatha."

Apongozi anakoka fodya wamphuno, n'kuyetsemula. Kenako anatenga kamsilikali kamene anali atakakankha poyamba, n'kukabweza m'mbuyo chopingasa, n'kudya mfumukazi yanga.

"Bambo, msilikali sabwerera m'mbuyo," ndinatero.

"Ndani wakuuzani kuti ndi msilikali? Ameneyu ndi bishopu. Ndinasema ndine. Mtengo unangochepa."

Ndinawerenga mabishopu awo, ndipo analipo atatu m'malo mwa awiri. Anthu onse anatembenukira kwa wansembe kuti aweruze. Iye anakanyamula kachidoleko, n'kukayang'ana uku ndi uku, ndevu zikunjenjemera ndi phwete.

"Ine ndine wansembe wamba," anatero m'Chinyanja chake chokhota. "Bishopu sindingamutsutse."

Khonde lonse linafa nako kuseka. Ndikanatha kulimbikira mlanduwo, koma ndinkakhala pamudzi pawo, ndipo munda umene ndinkalima unali wa kwawo. Ndinapitiriza kusewera wopanda mfumukazi, ndipo sindinachedwe kugonja.

Pobwerera kumudzi, bulangete lija ndinasenza ndine, iwo ali patsogolo, akuuza aliyense wokumana naye kuti mkamwini wawo ndi wanzeru ndithu, kungoti amafulumira.